Mbewu za GMO: mmene amazipangira ndi pomwe Malawi wafika

Zikomo posiya mabenchi ndi mashopu anu masana ano kudzamva nkhani yomwe siikulowetserani ndalama m'thumba lero.

Kuno ku Area 2 zilembo zitatu za GMO zasanduka chitonzo. Nkhuku yoyera ikanenepa m'masabata 6, ati ndi GMO. Tomato wa ku Lizulu akabwera wamkulu, wosalala, wochedwa kuola, ati GMO. Mbatata yofiira m'kati, Kadyaubwerere uja, nayonso ati GMO. Chimanga cha haibulidi chomwe ena a inu mumagulitsa m'mapaketi, Kanyani, Mkango ndi Njovu, chimanenedwanso chimodzimodzi. Zonsezi si GMO ayi. Zinapezeka posankha ndi kukwatitsa mbewu kapena ziweto za mtundu umodzi, ntchito yomwe anthu akhala akuichita kuyambira makedzana. Pamene ndikulankhula pano, mbewu ya GMO yomwe mlimi wa ku Malawi analoledwa kudzala m'munda mwake ndi imodzi yokha, ndipo siidyedwa: thonje. Ndiye ndifuna tiyende limodzi ndi thonje limeneli, kuchokera mu labotale mpaka m'munda wa ku Salima, kuti tikamakangana za GMO tizikangana za chinthu chenichenicho.

Chamoyo chilichonse, munthu, mbuzi, chimanga, ngakhale bakiteriya wosaoneka ndi maso, chinapangidwa ndi maselo. M'kati mwa selo muli kaulusi kotalika zedi kotchedwa DNA, ndipo pa kaulusi kameneka m'pamene pali malangizo a mmene chamoyocho chikulire. Malangizowo analembedwa ndi timakemikolo tinayi tokha, tomwe asayansi amatitchula ndi zilembo A, T, G ndi C. Kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni inayake ndiye jini. Chimanga chili ndi majini oposa 30,000. Maonekedwe a DNA anadziwika mu 1953 chifukwa cha ntchito ya James Watson, Francis Crick ndi Rosalind Franklin ku England. Chimene chinatsekula njira ya GMO n'chakuti zilembo zinayizo ndi zomwezomwezo m'zamoyo zonse, ndipo maselo amaziwerenga mofanana. Jini lochokera mwa bakiteriya likalowa mu selo la thonje, selolo limawerenga n'kupanga puloteni yomwe yalembedwapo, osafunsa kuti malangizowa achokera kwa yani. Stanley Cohen ndi Herbert Boyer a ku California ndi amene anayamba kusamutsa jini mwadala n'kulilowetsa mwa bakiteriya, mu 1973.

Ena amaopa kuti akadya jini lachilendo lilowa m'magazi n'kuwasintha. Komatu tsiku lililonse timadya DNA ya chimanga, ya usipa, ya nkhwani, ndipo m'mimba imagayika ngati chakudya china chilichonse. Mpaka lero sindinamve za munthu amene anamera ngayaye chifukwa cha nsima.

Kusintha majini a mbewu sikunayambe dzulo. Chimanga chinachokera ku udzu wa ku Mexico wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, udzu wa timaso towerengeka touma gwa. Agogo athu posankha chitsononkho chachikulu n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti chidzakhale mbewu, amasankha majini. Akatswiri a ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, chimanga cha haibulidi cholimba maso chomwe amayi anatha kuchikonola osaphwanyika ngati mahaibulidi akale, anachita pokwatitsa chimanga ndi chimanga chinzake. Kusiyana kwake ndi uku: pokwatitsa mumasakaniza majini zikwizikwi nthawi imodzi, koma pakati pa zomera zapachibale zokha. Popanga GMO mumatenga jini limodzi kapena awiri omwe mukuwadziwa ntchito yake, ndipo mukhoza kuwatenga kwa chamoyo chilichonse, ngakhale chosayandikana n'komwe ndi mbewuyo.

Tsopano thonje. Mdani wamkulu wa mlimi wa thonje ndi mbozi zomwe zimaboola maluwa ndi zibalobalo n'kumadya m'kati. Alimi a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima amadziwa kulemera kwa sipuleya kumsana, dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo, kupopera sabata ino, kupoperanso sabata yamawa, nthawi zambiri opanda chovala chodzitetezera. M'nthaka muli bakiteriya wotchedwa Bacillus thuringiensis, mwachidule Bt, yemwe amapanga puloteni yopha mbozi. Wasayansi wa ku Japan, Shigetane Ishiwata, anamupeza mu 1901 akufufuza chomwe chinkapha mbozi zopanga silika. Ernst Berliner anamupezanso ku Germany patapita zaka khumi, n'kumutcha dzina la dera la Thuringia. Pofika mu 1938 ku France ankamugulitsa kale ngati mankhwala opopera, ndipo mpaka lero alimi omwe amakana mankhwala amakono amamugwiritsa ntchito. Maganizo a asayansi anali akuti, mmalo mopopera bakiteriya pamasamba pomwe mvula imamutsuka, bwanji mtengo wa thonje uzipanga wokha puloteniyo?

Ntchito yoyamba ndi kupeza jini lenilenilo mu DNA ya bakiteriya, kulidula pogwiritsa ntchito mapuloteni ena omwe amadula DNA pamalo odziwika, ndi kulichulukitsa. Jini lokha silikwanira. Kutsogolo kwake amalumikizako kachigawo koyatsira, komwe kamauza selo la mbewu kuti liyambe kuwerenga pamenepa. Amalumikizakonso jini lina lachizindikiro, lomwe limateteza selo ku mankhwala enaake. Ntchito ya jini lachiwirili muiona posachedwa.

Funso lovuta linali lakuti zonsezi zilowa bwanji mu selo la mbewu, lomwe lili ndi khoma lolimba. Yankho linapezeka m'nthaka momwemo. Pali bakiteriya wina, Agrobacterium tumefaciens, yemwe amayambitsa zotupa pa tsinde la mitengo, makamaka pomwe pavulala. Marc Van Montagu ndi Jeff Schell a ku yunivesite ya Ghent ku Belgium, komanso Mary-Dell Chilton ku America, anatulukira m'zaka za m'ma 1970 kuti bakiteriyayu amadula kachigawo ka DNA yake n'kukalowetsa mu DNA ya mtengowo. Mtengo umayamba kutupa ndi kumupangira chakudya. Tinene kuti bakiteriyayu ndi wakabaza amene njira yolowera m'mudzimo akuidziwa kale. Asayansi anangomutsitsa katundu wake woyambitsa zotupa, n'kumumangirira wawo pakaliyala. Mbewu zoyamba kusinthidwa motere zinalengezedwa mu 1983, ndipo pakati pake panali fodya, mbewu yomwe ife tikuidziwa bwino. Sikuti ankafuna kuthandiza alimi a fodya. Fodya ndi wosavuta kumeretsa kuchokera ku kachidutswa ka tsamba, basi.

Mukalowa m'chipinda momwe ntchitoyi imachitikira simupezamo jakisoni wobaya mbewu, monga ambiri amaganizira. Mupezamo munthu atavala magolovesi, ali ndi kampeni kakuthwa, akudula katsinde ka thonje longomera kumene m'tizidutswa ting'onoting'ono. Tizidutswato amativiika m'madzi momwe muli Agrobacterium wonyamula jini lija, n'kutisiya masiku awiri kapena atatu. Kenako amatisamutsira m'timbale tagalasi momwe muli chakudya choundana cha shuga, mchere wa m'nthaka ndi timadzi tokulitsa zomera. M'chakudyamo amathiramo mankhwala awiri. Oyamba amapha bakiteriya uja, poti ntchito yake yatha. Achiwiri amapha selo lililonse lomwe silinalandire jini, ndipo apa m'pamene jini lachizindikiro limagwira ntchito: selo lomwe lalandira katundu yense limapulumuka. Tizidutswa tambiri timada n'kufa. Pa tina, m'mphepete mwa bala, pamatuluka kachotupa kotuwa. Wantchitoyo amachotsa kachotupako n'kukaika m'mbale yatsopano, masabata angapo aliwonse, uku akusintha muyeso wa timadzi tokulitsa tija, mpaka patuluke kamphukira kobiriwira, kenako mizu. Kwa thonje zimenezi zimatenga miyezi yambiri, nthawi zina kuyandikira chaka. Nkhungu ikangolowa m'mbale imodzi, ntchito ya miyezi yapita. Kamtengo kotuluka pamenepo kanachokera ku selo limodzi, choncho jini latsopano lili m'selo lililonse la mizu, masamba, maluwa ndi njere zake, ndipo ana ake adzatengera.

Pali njira inanso yomwe John Sanford ndi anzake a ku yunivesite ya Cornell anailengeza mu 1987: kupaka DNA pa tifumbi tachitsulo n'kutiwombera m'maselo. Inathandiza kwambiri pa chimanga, chomwe poyamba chinkamukana Agrobacterium.

Njira zonse ziwirizi zili ndi chilema chimodzi: jini limagwera paliponse mu DNA ya mbewuyo. Likagwera pakati pa jini lina lofunika, mtengo umapinimbira. Likagwera pamalo ogona, puloteni imatuluka yochepa. N'chifukwa chake amapanga timitengo mazanamazana, n'kumatiyeza kamodzikamodzi: jini lalowa kangati, lakhala pati, puloteni ikutuluka yochuluka bwanji, mbozi zikufadi, njere zikufanana ndi za thonje wamba m'mafuta ndi zina zonse. Pamapeto pake amasankha kamtengo kamodzi. Thonje lonse la Bt la mtundu umenewo, m'mayiko onse, ndi zidzukulu za kamtengo kosankhidwako.

Apa pali chinthu chomwe anthu ambiri amachidumpha, koma kwa mlimi ndiye mutu wa nkhani. Mitundu yambiri ya thonje imakana kumera kuchokera ku selo limodzi. Yomwe imalola ndi yochepa, monga Coker 312, thonje lakale la ku America lomwe palibe mlimi wa kuno angalifune. Ndiye jini likalowa mu Coker, amayenera kumukwatitsa ndi thonje labwino la dziko lomwe akufuna kukagulitsako, ana ake n'kuwakwatitsanso ndi thonje labwino lomwelo, mibadwo ingapo, mpaka makhalidwe a Coker atsukike, patsale jini lokha. Dziko la Burkina Faso linayamba kulima thonje la Bt mu 2008. Mbozi zinachepadi, kupopera kunachepa. Koma ulusi unayamba kutuluka waufupi kuposa wa thonje lawo lakale, lomwe linkatchuka pamsika wa dziko lonse chifukwa cha kutalika kwa ulusi. Makampani ogula thonje anataya ndalama, ndipo mu 2016 dzikolo linasiya mbewuyo. Jini linagwira ntchito yake. Chomwe chinalakwika ndi mbewu yomwe jinilo linakhalamo.

Puloteni ya Bt imapha bwanji mbozi osapha mbuzi? M'matumbo mwa mbozi mulibe asidi ngati m'mimba mwathu. Mmenemo puloteniyo imasungunuka, n'kukakamira pa timalo tapadera ta pakhungu la matumbo, n'kuboola. Mbozi imasiya kudya ndipo imafa patapita masiku ochepa. Munthu, mbuzi ndi nkhuku alibe timalo timeneto, ndipo asidi wa m'mimba amaigaya puloteniyo. Thonje lomwe linabwera kuno, Bollgard II, lili ndi majini awiri a Bt, Cry1Ac ndi Cry2Ab. Mapuloteni awiriwa amapha mbozi basi. Nsabwe za m'masamba, kangaude wofiira ndi tizilombo tina toyamwa madzi a mbewu sizikhudzidwa. Mlimi amene anauzidwa kuti thonje ili silifuna mankhwala, ananamizidwa. Limafuna kupopera kochepa, osati kusapopera. Silipirira chilala kuposa linzake, silibweretsa feteleza, silipalira lokha.

Kwa amene akuti kulowetsa jini la bakiteriya m'mbewu n'chinthu chomwe chilengedwe sichingachite, ndikuuzeni za mbatata. Mu 2015 asayansi a ku Ghent ndi a bungwe la International Potato Center anayeza mitundu 291 ya mbatata yochokera m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi, ndipo mu yonse anapezamo majini a Agrobacterium. Analowamo okha zaka zikwi zapitazo, labotale kulibe. Izi sizikutanthauza kuti GMO iliyonse ndi yabwino. Zikungotiuza kuti mbatata yootcha ya pa depoti ili ndi majini a bakiteriya ndipo takhala tikuidya.

Kuno kwathu nkhaniyi inafika ndi njala. Akuluakulu mukukumbukira 2002, anthu akudya madeya ndi zitsa za nthochi, mizere ya pa ADMARC ikuyamba usiku. Mu February chaka chimenecho Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Chimanga chambiri chathandizo chinachokera ku America, komwe chimanga cha GMO ndi chimanga wamba amachisunga mosakaniza. Ku Zambia, Pulezidenti Levy Mwanawasa anachikana. Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique anati chibwere, koma chigayidwe. Mantha aakulu sanali a m'mimba. Anali akuti mlimi amene wadya mbewu yake, akalandira chimanga cha maso, adzasungako china n'kudzala. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Biosafety Act. Ndondomeko zake zinatuluka mu 2007, ndipo mfundo za boma pa sayansiyi zinavomerezedwa mu 2008. Ofuna kulowetsa, kuyesa kapena kugulitsa GMO amapempha chilolezo kudzera ku nthambi yoona za chilengedwe, ndipo komiti ya akatswiri ndi imene imaunika pempholo. Zonsezi zimachitikira kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe, ku City Centre ndi ku Capital Hill, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pomwe takhala pano.

Thonje la Bt linadzalidwa koyamba m'dziko muno kumayambiriro kwa 2013 ku Bunda, panjira ya ku Mitundu. Munda woyesera wotere sufanana ndi munda wina. Amautchinga ndi waya, pakhomo pali loko ndi mlonda, aliyense wolowa amalemba dzina m'buku. Pafupi sipaloledwa thonje lina. Njere amaziwerenga polowa, zokolola amaziyeza, zotsala zonse amaziwotcha pomwepo, ndipo nyengo yotsatira amayendera malowo kuzula chilichonse chomera chokha. Kuchokera ku Bunda kuyesako kunapita kumadera olima thonje, monga ku Chitala ku Salima ndi ku Kasinthula ku Chikwawa. Alimi anayamba kudzala m'minda yawo m'nyengo ya 2019/2020. Mbewuyo ndi mahaibulidi a kampani ya ku India ya Mahyco, ogulitsidwa kudzera ku kampani ya Quton. Mbewu zina zafika pongoyesedwa: khobwe wa Bt ku Bunda, nthochi zopirira matenda a chisaka ku Bvumbwe, ndipo zaka zaposachedwa chimanga cha Bt ku Bunda konko.

Za thanzi ndinene mosapsatira. Mbewu za GMO zinayamba kulimidwa mochuluka mu 1996, ndipo pofika 2019 zinali pa mahekitala pafupifupi 190 miliyoni m'mayiko 29. Mu 2016 bungwe la National Academies of Sciences la ku America litaunika kafukufuku wa zaka 20 silinapeze umboni woti zakudya za GMO zomwe zili pamsika zimadwalitsa kuposa zakudya wamba. Ku South Africa chimanga choposa magawo 80 pa 100 aliwonse ndi cha GMO, choyera chomwe, ndipo akhala akuchidya zaka zoposa 20. M'bale wanu aliyense amene anapita ku Joni wadya nsima yake. Zambiri za m'mapaketi zochokera kumeneko zomwe zili m'masitolo a mu Old Town muno, zopangidwa ndi chimanga kapena soya, zili m'gulu lomwelo. Kuchipatala ndiye sitifunsa n'komwe. Insulini yomwe odwala shuga amadzibaya imapangidwa ndi bakiteriya kapena yisiti wopatsidwa jini la munthu, ndipo zimenezi zinayamba mu 1982. Katemera wa malungo yemwe anayambira ku Mitundu mu April 2019, Malawi kukhala dziko loyamba, puloteni yake imapangidwa ndi yisiti wosinthidwa majini. Nkhani yoti GMO imachititsa anthu kusabereka ilibe umboni. Mwina inachokera ku luso lina lomwe kampani ya Delta and Pine Land ndi unduna wa zaulimi wa ku America analembetsa mu 1998, loti njere za mbewu zisamere kachiwiri. Linali lokhudza njere, osati anthu, ndipo dziko lonse litakuwa silinafike pamsika.

Ine nkhawa zanga zili kwina, ndipo ndimadandaula kuti phokoso la mphekesera limazikwirira.

Paketi ya thonje la Bt ndi yodula kwambiri poyerekeza ndi mbewu yomwe alimi ankalandira kumakampani ogula thonje. Ndi haibulidi, ndiye chaka chilichonse ugule ina. Jini lili ndi mwini wake, ndipo mbewu yochokera kunja imafuna ndalama zakunja, zomwe inu amalonda mukudziwa mmene zimasowera. Mlimi amene wagula mbewu yodula, mvula n'kudula mu February, kapena ogula n'kubwera ndi mtengo wachipongwe, amagwa kuchokera patali kuposa mnzake wa mbewu yotchipa. Ena poona mtengo amabwezera njere za chaka chatha. Njere zimenezo zimamera, koma mitengo yake imatuluka yosiyanasiyana, zokolola zimatsika, ndipo ina ikhoza kukhala ndi puloteni yosakwanira kupha mbozi.

Apa m'pamene pamalowera vuto la mbozi kuzolowera. Pa mbozi zikwizikwi, imodzi kapena ziwiri zimabadwa zopirira. Munda wonse ukakhala wa Bt, zopirirazo ndi zomwe zimatsala, zimakwatirana zokhazokha, ndipo pakapita zaka zingapo dera lonse ndi la zidzukulu zawo. Mankhwala ake ndi kudzala mizere ya thonje wamba m'mbali mwa munda, kuti mbozi zosapirira zikhale ndi pothawira, zichuluke, agulugufe ake akwatirane ndi opirira aja n'kusungunula mphamvuyo. Tsono kamuuzeni mlimi wa ekala imodzi kuti mizere ingapo aisiyire mbozi dala. Ku India, komwe mbewu yathuyi inachokera, alimi ambiri sanadzale mizere imeneyi, ndipo pofika cha m'ma 2015 mbozi yofiirira inali ikudya Bollgard II mosaopa. Ku South Africa kapuchi anapezeka atazolowera chimanga cha Bt mu 2007. Inu ogulitsa mbewu, mlimi amakumverani kuposa mmene amamvera wailesi. Musatsekule paketi n'kumagulitsa pa kapu. Ngati muli kapaketi ka mbewu wamba ka mizere ya m'mbali, musakachotse, ndipo mufotokozereni ntchito yake. Wina akakubweretserani mbewu yopanda chizindikiro n'kumati ndi Bt, dziwani kuti pali kachipangizo koyezera, kofanana ndi kaja koyezera malungo: amafinya tsamba kapena njere m'kabotolo, n'kuviikamo kapepala, mizere iwiri ikaoneka ndiye kuti puloteni ilimo. Ndi maso okha palibe angasiyanitse.

Pali mtundu wina wa GMO womwe sindinautchule, wopirira mankhwala opha udzu a glyphosate, omwe ambiri mumawadziwa ndi dzina la Roundup. Mlimi amapopera munda wonse, udzu umafa, mbewu imatsala. Pa esiteti ya mahekitala mazana zimenezi zimapulumutsa ndalama zambiri za aganyu. Koma munda wa amayi anga ndi anu si wa chimanga chokha. Muli maungu, nyemba, khobwe, ndipo chomwe buku limachitcha udzu, bonongwe, chisoso, luni, denje, ndiye ndiwo za mu January ndi February pomwe nkhokwe yapepuka. Mbewu imeneyi ikadzafunsiridwa chilolezo, funso la ndiwo lidzafunsidwe mokweza.

Chimanga ndiye nkhani yomwe ikubwera, ndipo ndi yolemera kuposa thonje. Ntchemberezandonda zachilendo zija zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016/2017, ndipo mu December 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza ngozi m'maboma 20. Taona alimi akuthira dothi, phulusa, sopo, ngakhale msuzi wa usipa m'mitima ya chimanga. Munthu amene waona munda wake utasanduka nsanza sungamuuze kuti chimanga chodziteteza chokha n'chosafunika. Ine ndikufuna kuyesa kwa ku Bunda kupitirire ndipo zotsatira zake zifalitsidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, zabwino ndi zoipa zomwe. Koma mbozi imeneyi inazolowerapo kale mtundu wina wa chimanga cha Bt ku Puerto Rico ndi ku Brazil. Komanso chimanga sichili ngati thonje, lomwe kwambiri limadzikwatira lokha. Mungu wa chimanga umauluka ndi mphepo kuchoka pa ngayaye kukagwera pa ndevu za chimanga cha munda wina, ndipo minda yathu imalekana ndi mzere umodzi. Amene anadzalapo chimanga choyera pafupi ndi chachikasu anaona maso achikasu pa chitsononkho chake. Jini la Bt lidzayenda momwemo, kulowa m'chimanga cha makolo chomwe anthu amasunga chifukwa cha ufa wake ndi kulimba kwake kwa anankafumbwe. Sichidzasanduka poizoni. Koma mlimi amene sanasankhe adzapezeka ali nalo, ndipo lamulo liyenera kunena poyera kuti iyeyo alibe mlandu kwa mwini jini, komanso kuti kusunga ndi kupatsana mbewu yake ndi ufulu wake. Nkhokwe ya mbewu za makolo ya ku Chitedze iyeneranso kupatsidwa ndalama zokwanira chimanga cha Bt chisanatuluke pa waya.

Luso nalo silinaime. Mu 2012 Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaonetsa njira ya CRISPR, yomwe imapita pamalo enieni a DNA n'kusintha zilembo zochepa, nthawi zina popanda kulowetsa jini lachilendo. Analandira mphotho ya Nobel mu 2020, ndipo mu 2022 Malawi anatulutsa ndondomeko zoyendetsera luso limeneli, limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa. Njirayi ndi yotchipa kuposa yakale, moti ana athu a ku yunivesite ya LUANAR akhoza kuigwiritsa ntchito pa chinangwa, nandolo ndi mapira, mbewu zomwe makampani akuluakulu saziwerengera chifukwa mulibe phindu. Akatero jini lidzakhala la dziko, osati lobwereka.

Pempho la chilolezo cha chimanga likadzafika, mudzamva mbali ziwiri zikukuwa, ena ati chipulumutso, ena ati imfa. Inu mudzafunse zomwe tayendamo masana ano. Ndi jini liti, lochokera kuti, lopha chiyani? Laikidwa m'chimanga chotani, chokonoleka kapena chofumbutuka, chocha masiku angati? Anachiyesa pa nthaka ya ku Kasungu ndi ku Thyolo kapena ku Bunda kokha? Paketi ya makilogalamu 2 idzagulidwa zingati, ndipo idzachulukitsidwa ndi alimi a kuno kapena idzadikira ndalama zakunja? Ndani adzayendere minda kuona ngati mizere ya m'mbali yadzalidwa, poti alangizi ndi ochepa kale? Mafunso amenewa mukhoza kuwalemba n'kukapereka ku nthambi yoona za chilengedwe, kwa phungu wanu, kapena kudzera m'mabungwe anu a amalonda ndi alimi.

A wapampando, nthawi yomwe munandipatsa yatha, ndipo ndaona manja akwera kale kumbuyoko. Tiyambe ndi mayi avala chitenje chobiriwirawo, kenako bambo ali pafupi ndi chitseko.